Kanyenyezi ka patsogolo pa mawu a Chisilavo: kodi akatswiri amangopeka?

Funso lachokera kwa mnyamata wa kwathu amene akuphunzira udokotala ku Russia. Akuti: "Ndinafuna kudziwa kumene mawu a Chirasha akuti khleb, buledi, anachokera. Mtanthauziramawu unandionetsa *xlěbъ, ndi kanyenyezi patsogolo, n'kunena kuti amenewa ndi mawu a chiyankhulo cha makolo a Asilavo onse, chimene sichinalembedwepo. Mtanthauziramawuwo unatinso makolowo anachita kubwereka mawuwa kwa Agothi. Ngati palibe amene analemba, akatswiri anawamva kuti? Si zopeka zimenezi? Nanga mawu a makolo angakhale bwanji obwereka?"

Achimwene, mwafunsa bwino, ndipo kukayika kwanu n'koyenera. Kanyenyezi kaja ndi kuona mtima kwa akatswiri. Kakukuuzani kuti mawuwa palibe anawaona pa pepala kapena pa mwala, achita kuwapeza poyerekeza ziyankhulo zapachibale. Koma kupeza poyerekeza si kupeka. Ndikuonetsani mmene ntchitoyi imayendera, kenaka tione kumene mawuwo anachokera.

Asilavo lero amayankhula ziyankhulo zoposa khumi. Kum'mawa kuli Chirasha, Chiyukireni ndi Chibelarusi. Kumadzulo kuli Chipolishi, Chicheki ndi Chisilovaki. Kum'mwera kuli Chibugariya, Chimasedoniya, Chisiloveni, ndiponso Chisebiya ndi Chikuroweshiya. Zonsezi zinaphuka pa tsinde limodzi, limene akatswiri amalitcha Proto-Slavic, ine ndizingoti Chisilavo cha makolo. Olemba mbiri monga Jordanes ndi Procopius anayamba kutchula Asilavo cha m'ma 550, pamene anthuwa ankafalikira kulowera ku mtsinje wa Danube ndi ku Balkan. Koma kulemba kunawafika mochedwa. Munali mu 863 pamene abale awiri a ku Thessaloniki, Cyril ndi Methodius, anapita ku Moravia n'kukonza zilembo zomasulira Malemba m'Chisilavo. Nthawi imeneyo tsinde lija linali litayamba kale kugawika nthambi. Choncho Chisilavo cha tchalitchi chimene iwo analemba si kholo lenilenilo. Chili ngati mwana wachisamba amene akukumbukira bwino nkhope ya bambo.

Inu mumadziwa kale njira yoyerekezayi, kungoti simunaitchule dzina. Ife timati munthu, Mzulu amati umuntu, Mshona amati munhu, Mswahili amati mtu. Ife mvula, Mzulu imvula, Mshona mvura, Mswahili mvua. Palibe amene analemba chiyankhulo cha makolo a anthu onsewa, komabe katswiri wa ziyankhulo wa ku Germany, Carl Meinhof, mu 1899 anaonetsa kuti tingathe kubwezeretsa tsinde lonena munthu, *-ntu. Chimene chimapatsa mphamvu ntchitoyi si kufanana kwa mawu awiri kapena atatu. Mawu amatha kufanana mwangozi. Mphamvu yake ili pa kusiyana kumene kumabwereza mofanana m'mawu ambirimbiri.

Taonani mawu atatu awa. Mudzi wa mpanda kapena mzinda: Chirasha gorod, Chipolishi gród, Chicheki hrad, Chisebiya grad. Ng'ombe yaikazi: korova, krowa, kráva, krava. Mutu: golova, głowa, hlava, glava. Mwaona? Pamene Mrasha ali ndi oro kapena olo, Mpolishi ali ndi ro kapena ło, ndipo Mcheki ndi Msebiya ali ndi ra kapena la. Sizichitika kamodzi, zimachitika pa mawu ochuluka kwambiri. Tsono funso ndi lakuti: ndi mpangidwe uti umene ungabale ana atatu onsewa? Yankho limene limakwanira ndi *gordъ, *korva ndi *golva, pamene r kapena l akubwera pambuyo pa lembo la liwu. Kachilembo ka kumapeto ka ъ kankaimira liwu lalifupi kwambiri, longa u wothamangira, ndipo mnzake ь anali ngati i wothamangira.

Apa pali chinthu chimene ife Achewa timachimvetsa msanga kuposa Mzungu aliyense. Chakumapeto kwa nthawi ya Chisilavo cha makolo, lilime la Asilavo linayamba kukana phatikizo lothera ndi lembo lopanda liwu. Linkafuna kuti phatikizo lililonse lithere ndi liwu, monga chimachitira Chichewa. Kumbukirani zimene tinachita ndi mawu a Chipwitikizi akuti carta. Lilime lathu linakana r womamatira ku t, tinalowetsapo a, n'kukhala kalata. Makolo a Arasha anachita chimodzimodzi, *gordъ n'kukhala gorod. Enawo anasankha njira ina, yotembenuza zilembo, n'kukhala grad. Vuto limodzi, mankhwala osiyana. Ndi chifukwa chake ku Russia kuli Novgorod, mzinda watsopano, ndipo ku Serbia kuli Beograd, mzinda woyera.

Mwina mukuti: chabwino, masamu akwanira, koma mboni ili kuti? Mboni zilipo, ndipo zimene ndimazikhulupirira kwambiri ndi za anthu akunja amene analibe chifukwa chonamizira. Anthu a ku Lithuania, amene chiyankhulo chawo ndi msuweni wapafupi wa Chisilavo, mpaka lero amati gardas ponena khola, karvė ponena ng'ombe yaikazi, galva ponena mutu. Zilembo zili m'malo enieni amene kanyenyezi kanalozera. Anthu a ku Finland anabwereka kwa Asilavo mawu onena nsalu kalekale kusintha kuja kusanachitike, ndipo amati palttina, pamene Mrasha lero amati polotno. Ku Greece kuli midzi ingapo yotchedwa Gardiki, dzina limene Asilavo anasiya atalowa m'dzikomo cha m'ma 600, ndipo nalonso lasunga r pa malo ake akale. Wobwereka amasunga katundu mmene anamulandirira, ngakhale mwini wake atasintha zake.

Nkhani ina imene imandisangalatsa ndi ya maliwu a m'mphuno. M'mipukutu yakale ya tchalitchi munali zilembo zotchedwa yus, zimene ansembe a ku Russia ankangoziwerenga ngati u ndi ya. Mu 1820 katswiri wa ku Russia, Aleksandr Vostokov, anaona kuti paliponse pamene pali zilembozi, Apolishi amatulutsa liwu la m'mphuno. Dzanja ndi ruka m'Chirasha koma ręka m'Chipolishi, zisanu ndi pyat' koma pięć. Anatero kuti makolo ankati *rǫka ndi *pętь, kutulutsira liwu m'mphuno. Ndipo taonani mboni: Alituweniya amati ranka, Agiriki amati pente. Ahangare, amene anafika pakati pa Asilavo cha m'ma 895, anabwereka mawu onena nkhunda n'kumati galamb, pamene Mrasha amati golub' popanda m. Tsiku Lachisanu amalitcha péntek, kuchokera ku *pętъkъ, ndipo n uja akadalipo. Inde, Asilavo nawonso amawerenga masiku ngati ife: tsiku lachinayi ndi lachisanu amawatchula ndi manambala omwewo.

Tsopano funso lanu lachiwiri, la kumene mawuwo anachokera. Mukatsegula nkhokwe ya mawu a kanyenyezi, mupeza kuti chimanga chake sichinachokere m'munda umodzi.

Pansi penipeni pali mawu a cholowa, ochokera ku chiyankhulo chakale koposa chimene chinabala Chilatini, Chigiriki, Chisansikiriti cha ku India, Chiperisiya ndi ziyankhulo za Chijeremani. Moto ndi *ognь, mnzake wa agni wa ku India ndi ignis wa Chilatini. Nyumba ndi *domъ, Chilatini domus. Uchi ndi *medъ, Chisansikiriti madhu. Mayi, mbale, mlongo, madzi, manambala, zonsezi zili m'gulu ili. Pamwamba pake pali mawu amene Asilavo amagawana kwambiri ndi Alituweniya ndi Alativiya, monga dzanja lija, nyanga (*rogъ, Chilituweniya ragas) ndi chitsulo (*želězo, Chilituweniya geležis). Izi ndi zina mwa zimene zimachititsa akatswiri ambiri kunena kuti magulu awiriwa anakhalapo banja limodzi asanapatukane.

Kenaka pali mawu amene Asilavo anaumba okha ndi dothi la kwawo. Otchuka kwambiri ndi dzina la chimbalangondo. Dzina lakale la chilombochi linasungika m'Chigiriki, arktos, ndi m'Chilatini, ursus, koma m'Chisilavo linasowa. M'malo mwake muli *medvědь, kutanthauza wodya uchi. Anzanu a ku Russia angakuuzeni kuti tanthauzo lake ndi wodziwa uchi, chifukwa chigawo chachiwiri chimamveka ngati mneni wonena kudziwa, koma mpangidwe wa mawuwo umaloza ku kudya. Akatswiri amaganiza kuti anthu a m'nkhalango ankaopa kutchula chilombocho ndi dzina lake lenileni, kuopa kuti chingamve n'kubwera. Ife amene timati "atisiya" pofuna kupewa mawu owawa aja sitingadabwe nazo. Ena mwa mawu oumba okha ndi *němьcь, dzina la Mjeremani, limene Mrasha amati nemets ndipo Mpolishi Niemiec. Tsinde lake ndi *němъ, wosayankhula. Mlendo amene zonena zake sizinkamveka anangomutcha bubu.

Tafika pa buledi wanu. Kuyambira cha m'ma 200 mpaka Ahuni, ankhondo ochokera kum'mawa, atawabalalitsa cha m'ma 375, Agothi, anthu oyankhula chiyankhulo cha banja la Chijeremani, ankalamulira madera a kumpoto kwa Black Sea, kumene lero kuli Ukraine. Mwayi wathu ndi wakuti bishopu wawo Wulfila anamasulira Baibulo m'Chigothi m'zaka za m'ma 300, ndipo zigawo zake zilipo mpaka lero. M'Pemphero la Ambuye, chakudya chathu chalero chija chinalembedwa hlaif, ndipo mawuwa akaima paokha ndi hlaifs. Ndi omwewo amene Mngerezi amati loaf ndipo Mjeremani Laib.

Tidziwa bwanji kuti wobwereka anali Msilavo osati Mgothi, kapena kuti onse awiri sanangolandira cholowa chimodzi? Apa ndi pamene malamulo a kasinthidwe ka maliwu amagwira ntchito ngati chidindo cha pa ng'ombe. Katswiri wa ku Germany, Jacob Grimm, anaonetsa mu 1822 kuti h wa ziyankhulo za Chijeremani anachokera ku k wakale. Mawu akakhala a cholowa, Msilavo pamalo pomwepo amakhala ndi s kapena k. Mtima ndi hairto m'Chigothi, cor m'Chilatini, koma *sьrdьce m'Chisilavo, serdtse amene mumamumva tsiku lililonse m'kalasi mwanu. Amenewa ndi asuweni. Koma pali kagulu ka mawu kamene h wa Chijeremani akukumana ndi x wa Chisilavo, liwu lokwecha pakhosi limene mumalimva mu khleb. Muli buledi, muli *xъlmъ, chitunda, muli *xyzъ, kanyumba. Amenewa avala chovala chimene chinasokedwa kwa Ajeremani, choncho anachokera kumeneko.

Chitsanzo china chomveka bwino ndi *kъnędzь, mfumu, knyaz' wa Chirasha. Mawu a Chijeremani chakale anali *kuningaz, amene anabala king ndi König, ndipo anthu a ku Finland anawasunga pafupifupi osasintha, kuningas. K wa kumayambiriroyo anachokera ku g wakale, amene m'mawu a cholowa a Chisilavo amakhala z, monga mmene granum wa Chilatini ndi corn wa Chingerezi amakumanirana ndi *zьrno, njere. Mfumuyi ikanakhala ya cholowa ikanayamba ndi z. Ku Poland ndi ku Czechia mawu omwewa lero amatanthauza wansembe, ksiądz ndi kněz.

Kodi ndiye kuti Asilavo sankadziwa kuphika asanakumane ndi Agothi? Ayi ndithu. Anali ndi mawu awoawo onena njere, mapira, mphero ndi kupera. Ifenso tinali ndi nsima, zigumu ndi mikate tisanabwereke buledi. Mawu obwereka kawirikawiri amabwera ndi mtundu watsopano wa chinthu, kapena amabwera chifukwa eni ake ali ndi ulamuliro ndi msika. Taonani zina zimene zinalowa pa khomo lomwelo kapena kudzera kwa Ajeremani ena a pambuyo pake: *kupiti, kugula; *pěnędzь, ndalama; *stьklo, galasi, kuchokera ku stikls wa Chigothi amene anali chikho; *kotьlъ, mphika wachitsulo; *šelmъ, chisoti cha nkhondo; *osьlъ, bulu. Ndi mawu a malonda, a nkhondo ndi a ufumu. Mukawaika pamodzi akukuuzani kuti wamphamvu anali ndani m'masiku amenewo, monga mmene nsapato, mbatata ndi kalata zimatiuzira za Apwitikizi amene anakwera ndi mtsinje wa Zambezi.

Pa mawu onse obwereka, amene ndimawakonda koposa ndi a ngamila. Agiriki ankatcha njovu elephas. Mawuwa atafika kwa Agothi, amene sankaiona njovu, anakhala ulbandus n'kuyamba kutanthauza ngamila, ndipo ndi amene Wulfila anagwiritsa ntchito pa ngamila yopyola diso la singano. Asilavo anawalandira n'kukhala *velьbǫdъ, kenaka anawapinda kuti amveke ngati mawu awo onena chachikulu ndi kuyendayenda. Lero Mpolishi amati wielbłąd, Mrasha verblyud. Njovu yathu ija inayenda ulendo wautali mpaka kumera linunda.

Mawu amodzi amatithandizanso kudziwa nthawi. Mfumu yaikulu m'Chirasha ndi korol', m'Chipolishi król, m'Chicheki král, m'Chisebiya kralj. Mwazindikira kachitidwe kaja ka gorod, gród, hrad, grad? Tsinde lake ndi *korljь, ndipo akatswiri ambiri amavomereza kuti ndi dzina la munthu, Karl, amene timamudziwa kuti Charlemagne, mfumu ya Afulanki imene inamwalira mu 814. Ngati dzina lake linadutsa m'chigayo chomwecho chimene munadutsa ng'ombe ndi mutu, ndiye kuti chigayocho chinali chikulirabe cha m'ma 800, ndipo Asilavo a kutali ndi kutali anali akupatsiranabe mawu.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse n'zowongoka choncho. Pali mawu amene akatswiri akhala akukangana nawo zaka zoposa zana. Mulungu ndi *bogъ. M'Chiperisiya chakale baga ndi mulungu, ndipo ku India bhaga ndi gawo kapena mwayi umene munthu wapatsidwa. Asilavo anakhala nthawi yaitali moyandikana ndi Asikuti ndi Asarimati, anthu oyankhula ziyankhulo za banja la Chiirani, amene maina a mitsinje monga Don ndi Dnieper amakhulupiriridwa kuti anachokera kwa iwo. Vuto ndi lakuti pa mawu awa cholowa ndi ngongole zikanavala chovala chimodzi, palibe chidindo chosiyanitsa. Ine ndimatsamira ku maganizo akuti mawuwo ndi a cholowa, pakuti tanthauzo lakale la gawo likuonekabe mu *bogatъ, wolemera, ndi *ubogъ, wosauka, koma kuti tanthauzo la Mulungu linakula chifukwa chokhalira pafupi ndi Airaniwo. Ena odziwa kuposa ine amaona mwina. Mkaka, *melko, nawonso ndi wa mkangano: ena amati ndi wobwereka kwa Ajeremani, ena amakana.

Pamene ndimachenjeza kwambiri ndi pamene anthu afuna kumanga mudzi wonse pa mawu amodzi. Mu 1908 katswiri wa zomera wa ku Poland, Józef Rostafiński, anaona kuti dzina la mtengo wotchedwa *bukъ, umene Angerezi amati beech, ndi lobwereka kwa Ajeremani. Iye anati ndiye kuti kwawo kwenikweni kwa Asilavo kunali kum'mawa kumene mtengowu sumera, cha ku madambo a mtsinje wa Pripyat. Ndi ganizo lanzeru, ndipo mwina silinaphonye patali. Koma malire a kumene mtengo umamera amasuntha pa zaka mazanamazana, ndiponso anthu amatha kutaya dzina lawo n'kutola la mlendo pa chinthu chimene akhala nacho kuyambira kale. Nkhani ya kwawo kwa Asilavo yakhala ikutenthedwanso ndi ndale, mtundu uliwonse kufuna kuti mchombo wa makolo ukhale m'dziko lawo. Ndiye ine ndimakhulupirira kwambiri mpangidwe wa mawu a kanyenyezi, tanthauzo lake ndimalikhulupirira pang'ono, ndipo mapu ojambulidwa kuchokera ku mawuwo ndimawagwira ndi nsonga za zala.

Msampha wina ndi kuganiza kuti mawu opezeka paliponse ndi a makolo. Fodya ali ndi dzina lofanana m'ziyankhulo zingapo za Asilavo, tabak, koma fodyayo anafika ku Ulaya Columbus atabwerako ku America, zaka mazana ambiri tsinde litagawika kale. N'chimodzimodzi sukulu kwathu kuno: ili m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chibemba, koma palibe angaiikire kanyenyezi. Chirasha chilinso ndi msampha wakewake, chifukwa chinabwereka kwambiri ku Chisilavo cha tchalitchi, chimene ndi cha kum'mwera. Ndi chifukwa chake pambali pa Novgorod pali Volgograd, ndipo mutu wa munthu ndi golova pamene mutu wa m'buku ndi glava. Kusefa zoterezi ndi ntchito yodya moyo wonse wa munthu. Mtanthauziramawu waukulu wa mawu a kanyenyezi umene katswiri wa ku Russia, Oleg Trubachev, anayamba kusindikiza ku Moscow mu 1974 wapitirira mabuku 40, mwini wake anamwalira mu 2002, ndipo sunafikebe ku chilembo chomaliza.

Popeza ndinu wa zachipatala, ndikusiyireni mawu a pa ntchito yanu. Mkulu wa chipatala chimene mumaphunzirirako amatchedwa glavnyy vrach, ndipo tsopano mukudziwa kuti glav- ameneyo ndi mutu uja wa kum'mwera wolowera pa khomo la tchalitchi. Mankhwala amene mudzalembera odwala ndi lekarstvo, ndipo tsinde lake, limene lilinso mu lekarz wa Apolishi ndi lékař wa Acheki, akatswiri ambiri amalilondola ku lekeis, dokotala wa Chigothi. Koma vrach ndi wa m'nyumba mwenimweni. Amachokera ku mneni wakale wonena kuyankhula, ndipo poyamba anali munthu wochiritsa ndi mawu, wolankhulira pa matenda. Ku Serbia ndi ku Bulgaria mawu omwewo akutanthauzabe woombeza ndi wochiritsa wa kumudzi. Ife tinachita zofanana ndi sing'anga, amene m'Baibulo lathu ndi udindo wa Luka, pamene kumudzi ndi munthu wa nsupa ndi mizu. Mukadzapambana mayeso anu omaliza, pa satifiketi yanu padzalembedwa vrach.